Kwa amene mwayamba kumene kulemba pa Wikipedia

Tadala: Moni nonse. Ndine watsopano pagulu pano, andilowetsa ndi a Kondwani. Ndili ndi funso koma musandiseke. Ndinalemba nkhani ya malemu agogo anga aamuna pa Wikipedia ya Chingerezi. Anali nyakwawa, ndiwo anatsogolera anthu kuumba njerwa za sukulu ya pulayimale ya kwathu, ndipo kuderako palibe wosawadziwa. Nkhaniyo aikana. Amene anaiona wangolemba kuti palibe umboni wokwanira woti agogowo akhale ndi tsamba. Umboni wanjinso pamene ine ndine mdzukulu wawo?

Chikondi BT: Takulandirani achemwali. Mwalowera pakhomo pomwe tonse tinalowera 😂

A Mbewe: Takulandirani a Tadala, pano palibe wokusekani. Ndiloleni ndiyankhe motambasula poti funsoli silisowa tikalandira mnzathu watsopano.

Amene wakana nkhani yanu sakunena kuti mukunama. Iye alibe njira yodziwira kuti ndinudi mdzukulu wa agogowo, ndipo wowerenga wa ku Nairobi kapena ku London alibe njira yodziwira kuti sukuluyo inamangidwadi momwe mwanenera. Pa Wikipedia aliyense amalemba, palibe wofunsa chiphaso cha unzika kapena satifiketi ya sukulu. Ndiye anagwirizana kuti chodaliridwa chisakhale munthu wolembayo, koma gwero lomwe walozera: buku, nyuzipepala, magazini, lipoti losindikizidwa, chinthu choti wina angakachitsegule n'kudzionera yekha. Zomwe mukudziwa inu nokha, kaya ndi zoona bwanji, ngati sizinasindikizidwe kwina sizilowa.

Kuti munthu akhale ndi tsamba lakelake pamafunikanso kuti anthu osakhudzana naye akhale atalembapo za iye mozama, osati kamodzi kokha. Dzina kungopezeka pamndandanda wa mafumu amene anafika pamsonkhano sizikwana. Ndipo pali china chomwe mwina sichikukomerani: kukhala mdzukulu sikukuthandizani, kukukuipitsirani. Amalangiza kuti tisamalembe za ife eni, abale athu, mabwana athu kapena bizinesi yathu, chifukwa palibe wolemba za agogo ake n'kutchulamo mlandu womwe anaugamula mokondera.

Tadala: Agogo anga sankakondera a Mbewe 😅 koma ndamva.

Yamikani Joni: Ine apa pokha ndimatsutsana nanu akuluakulu. Lamuloli anapanga ndi anthu amene kwawo chilichonse chimalembedwa. Katawuni kakang'ono ka ku England kali ndi nyuzipepala yake kuyambira makedzana, ndiye meya wake aliyense ali ndi umboni. Kwathu mbiri ili m'mitu mwa azigogo. Zambiri zakale zomwe zinalembedwa za ife analemba ndi amishoni ndi atsamunda, mmene ankationera iwowo. Mukati zosindikizidwa zokha, mukunena kuti mawu a DC wachizungu ndi olemera kuposa a mfumu yomwe ankailamula. Zimenezo n'chilungamo?

A Mbewe: Simukunama achimwene, ndipo si inu nokha odandaula. Nkhani ya mbiri yapakamwa yakhala ikukambidwa pakati pa olemba Wikipedia kwa zaka zambiri ndipo sinathe. Koma taganizani titatsegula khomo lero kuti "agogo anandiuza" ukhale umboni. Mkangano uliwonse wa ufumu m'Malawi muno uli ndi mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse ili ndi agogo ake. Tsamba lingamasinthe m'mawa ndi madzulo. Mmene ndimaonera ine, Wikipedia ndi kofikira, si koyambira. Mbiri ya agogo a Tadala iyambe yalembedwa kumene kuli mkonzi woifufuza, kaya m'nyuzipepala kaya m'kafukufuku wa ophunzira a payunivesite amene wasindikizidwa. Ikakhala kumeneko, wina adzaitola.

Yamikani Joni: Ndamva koma sindinakhutire. Mtolankhani wake uti angakwere minibasi kukalemba za nyakwawa yomwe inamwalira kale?

Mayi Nabanda: A Yamikani, funso lanulo ndi lolemera, koma nthawi zambiri timathamangira kunena kuti magwero kulibe tisanafufuze. Gwero silikakamizidwa kukhala la Chingerezi, silikakamizidwanso kukhala la pa intaneti. The Nation ndi The Daily Times n'zodziwika, koma Boma Lathu, Fuko, magazini ya Moni, zonsezi mukhoza kuzitchula bola mupereke mutu wa nkhani, tsiku ndi tsamba. Za mbiri yakale kuli Society of Malawi Journal, ndipo laibulale ya bungweli ili ku Mandala House ku Blantyre. Chiwerengero cha anthu musachitenge m'mutu, tengani mu lipoti la ofesi ya boma ya ziwerengero (NSO) la kalembera wa 2018, amene anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno ndipo anawagawa boma ndi boma. Ku National Archives ku Zomba kuli makalata akale ambirimbiri, koma kumeneko samalani: kalata ya DC mukhoza kunena zomwe ikunena, koma mukayamba kuitanthauzira nokha ndiye kuti mwayamba kafukufuku wanu, amene saloledwa.

Zosavomerezeka ndi izi timazikonda ifezi: uthenga wozungulira pa WhatsApp, positi ya pa Facebook, ndi Wikipedia yeniyeniyo. Inde, tsamba lina la Wikipedia silingakhale umboni wa tsamba linzake.

Kondwani: Koma abale, tikulimbana bwanji ndi ya Chingerezi yomwe ili kale ndi nkhani zoposa 6 miliyoni? A Tadala ndinakuitanani chifukwa cha yathu ya Chichewa, ny.wikipedia.org. Anzathu a Chiswahili anadutsa kalekale nkhani 50,000, ife tikadali kutali zedi. Masamba ambiri omwe alipo ndi a ziganizo ziwiri zitatu. Mwana wa Sitandade 7 akafuna kuwerenga za boma lake, za malungo kapena za John Chilembwe m'chiyankhulo chake, apeza zochepa kwambiri.

Chikondi BT: Ndiye a Tadala angokawaika agogo kumeneko basi, kulibe apolisi 😂

A Mbewe: Ayi a Chikondi, nthabwala imeneyo ndiyo ndimaiopa. N'zoona kuti Wikipedia ya chiyankhulo chilichonse imadziikira malamulo ake ena, ndipo kwathu olondera ndi ochepa moti mukhoza kulemba chinthu chikhala miyezi osachikhudza munthu. Koma zimenezo zikutanthauza kuti bodza lanu likhalanso miyezi osalikhudza munthu. Kumene kulibe wokudzudzulani ndi kumene muyenera kudzisamala koposa.

Ndikuuzeni zomwe zinachitikira anzathu a chiyankhulo cha Scots ku Scotland. Mu 2020 zinadziwika kuti nkhani zikwizikwi za pa Wikipedia yawo analemba ndi mnyamata wa ku America amene chiyankhulocho sankachidziwa. Ankatenga Chingerezi n'kumasintha kalembedwe ka mawu kuti kazioneka ngati Scots. Analibe cholinga choipa, ankaganiza kuti akuthandiza, ndipo anachita izi kwa zaka chifukwa eni chiyankhulo sankafikako. Zitadziwika, eni akewo anakhala ndi ntchito yaikulu yofufuta ndi kulemba mwatsopano. Ife tili pangozi yomweyo kudzera m'makina omasulira. Google Translate ili ndi Chichewa, ndiye munthu amatenga nkhani yonse ya Chingerezi, kuiponya m'makina, kukopera, n'kusindikiza nkhani 20 tsiku limodzi. Mawu ake ndi Achichewa koma palibe Mchewa angayankhule choncho. Choopsa china n'chakuti makina omwewo amaphunzira pa zomwe zili pa intaneti, ndiye Chichewa chopotokacho chimabwereranso kwa ife chitachulukana.

Tadala: Ndiye kumasulira n'koletsedwa?

Kondwani: Sikoletsedwa, chida chothandizira kumasulira chilipo pa Wikipedia pomwepo. Chofunika n'chakuti muwerenge ndime yonse, mumvetse, kenaka muilembe mmene mungawafotokozere amayi anu. Ine ndimawerenga mokweza ndisanasindikize, pomwe lilime lakodwa ndiye pali vuto. Ndipo mukamasulira pamanja, lembani m'kabokosi kofotokozera zomwe mwasintha kuti nkhaniyi mwaitenga patsamba lakuti la Chingerezi. Layisensi yake imalola aliyense kutenga ndi kusintha, koma imafuna kuti olemba oyambawo atchulidwe.

Mabvuto Chipata: Muli bwanji akulu-akulu. Ine ndili ndi dandaulo lina. N'nalemba za Kulamba, mwambo wa ku Mkaika ku Katete kumene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi mu August. N'nalemba mmene tinaphunzilila kusukulu kuno. Wina wabwela wasintha kalembedwe konse kukhala ka ku Malawi, osanena kanthu. Ine n'nabweza, iye wabwezanso. Kodi Wikipedia iyi ni ya Amalawi cabe? Ife Cinyanja si cathu?

Chikondi BT: Bwezaninso a Mabvuto, tione atope ndani 🔥

A Mbewe: A Chikondi lero mwadzuka ndi mphamvu zosokoneza. A Mabvuto, musabwezenso. Wikipedia imeneyi ndi yanu monga ili yathu, ndi ya anzathu a ku Tete ndi ku Niassa. Koma njira yake si kukokana. Chizolowezi chake n'chotere: mwasintha molimba mtima, wina wabweza, basi imani pomwepo mupite patsamba lokambirana. Nkhani iliyonse ili ndi tsamba lake lokambirana kuseri, ndipo limenelo ndiye bwalo la milandu, osati m'nkhani mwenimwenimo. Ku ya Chingerezi ali ndi lamulo lolembedwa: ukabweza koposa katatu patsamba limodzi m'maola 24 amakutsekera, ngakhale zitakhala kuti wolondola ndiwe.

Polemba pabwalopo, yambani ndi moni, nenani zomwe mwaona, funsani chifukwa. Muyambe mwaganiza kuti mnzanuyo amafuna kuthandiza. Mwina ndi mwana wa ku Lilongwe amene sanaonepo kalembedwe ka ku Zambia ndipo amayesa akukonza zolakwika. Kambani za nkhaniyo, osati za munthuyo. Mawu ngati "ndiwe mbuli" amakhala m'mbiri ya tsamba mpaka kalekale ndipo admin, woyang'anira amene ali ndi mphamvu zotsekera anthu, akadzabwera adzayamba kuona amenewo. Pomaliza sainani polemba tizizindikiro tinayi iti ~~~~, timasanduka dzina lanu ndi nthawi.

Pa mkangano wanuwo pali chitsanzo chabwino. A Chingerezi nawo amasiyana kalembedwe pakati pa Britain ndi America, ndipo anagwirizana kuti nkhani yokhudza dziko lina itsate kalembedwe ka dzikolo, pamene nkhani wamba isunge kalembedwe komwe woyambitsa anagwiritsa ntchito. Ine ndingavomereze kuti tichite chimodzimodzi. Nkhani ya Kulamba kapena ya Chipata ikhale m'kalembedwe ka ku Zambia. Koma zimenezi tikagwirizane pa Wikipedia pomwepo pamene aliyense akuona, chifukwa zomwe tagwirizana pagulu lino sizimanga munthu amene sali muno.

Mabvuto Chipata: Zikomo a Mbewe. Nizalemba pa tsamba lokambilana madzulo ano. Koma akapanda kuyankha?

Kondwani: Mupatseni masiku angapo, ena amalowa pokhapokha akagula bandulo. Mulembereninso patsamba lake la iye mwini kuti alandire chidziwitso. Akakhala chete mukhoza kubwezeretsa, n'kulemba m'kabokosi kuti onani zokambirana.

Tadala: Ine ndisabise, ndayamba kuopa kukhudza chilichonse.

Mayi Nabanda: Musaope mwanawe, palibe chomwe mungawononge osabwezeka. Tsamba lililonse limasunga mbiri ya zosintha zonse. Yambani ndi zazing'ono: kukonza chilembo, kuwonjezera gwero pomwe palibe, kutalikitsa tsamba la ziganizo ziwiri. Zoyeserera chitirani mu sandbox yanu, tsamba lanu lophunzirirapo kulemba. Akaunti ikhale yanu nokha, osabwerekana pasiwedi, ndipo dzina lake lisakhale la sukulu, la mpingo kapena la kampani, chifukwa akaunti imaimira munthu mmodzi. Sizofunikanso kugwiritsa dzina lanu lenileni. Ndipo kabokosi kaja kofotokozera musamakasiye kopanda kanthu. Mawu atatu okha, "ndawonjezera gwero apa", amathetsa mikangano yambiri isanayambe.

Chikondi BT: Chabwino, tsopano funso lenileni, ndasiya zoseka. Wina amene amayenda ndi phungu wina wandipeza, akuti ndiwakonzere bwana wake tsamba, andipatsa kangachepe. Akufuna ndichotse ndime ina yosawakomera ndiikemo za zitukuko. Ntchito ikusowa abale. Ndi tchimo?

A Mbewe: Kulandira ndalama pakokha sikoletsedwa kotheratu, koma kuyambira 2014 malamulo a Wikimedia Foundation, bungwe loyendetsa Wikipedia, amati wolipidwa aliyense aulule poyera amene akumulipira ndi amene akumulembera. Mukabisa n'kugwidwa, akaunti imatsekedwa, ndipo kawirikawiri ndime yomwe mumafuna kuchotsayo imabwerera anthu ambiri akuiyang'anira. Ngakhale mutaulula, ku ya Chingerezi amafuna kuti wolipidwa asamakhudze nkhaniyo mwachindunji, azipempha zosintha patsamba lokambirana. Ndiye mufunseni mnzanuyo ngati bwana wake ali wokonzeka kuti zilembedwe poyera kuti akulipira. Muona kangachepeko kasowa.

Ndime yosawakomerayo ngati ili ndi gwero lodalirika, sichoka. Ngati ilibe gwero, ichotseni lero lomwe popanda kulipidwa, chifukwa pa za anthu amoyo malamulo ndi okhwima kuposa pena paliponse. Mu 2005 wina analemba bodza pa Wikipedia lonena kuti mtolankhani wa ku America John Seigenthaler ankaganiziridwa kuti anakhudzidwa ndi kuphedwa kwa John ndi Robert Kennedy. Bodzalo linakhala miyezi, ndipo mwiniwake atalitulukira n'kudandaula poyera, Wikipedia ya Chingerezi inaletsa anthu opanda akaunti kuyambitsa masamba atsopano, malamulo a za anthu amoyo n'kukhwimitsidwa. Lero kumeneko akaunti iyenera kukwanitsa masiku 4 ndi zosintha 10 isanaloledwe kuyambitsa nkhani mwachindunji. Kwathu kuno mphekesera yakuti uje ndi mfiti kapena uje anaba ikhoza kuphetsa munthu, ndiye musaike ngakhale patsamba lokambirana.

Yamikani Joni: Nanga mawu aulemu? Ine ndinaona tsamba lina lodzaza ndi "olemekezeka", "ngwazi yathu", "mtsogoleri wamasomphenya".

Mayi Nabanda: Amenewo ndi a pamsonkhano wa chipani. Lembani udindo, chaka ndi zomwe munthuyo anachita, wowerenga aweruze yekha. Kulemba kuti "iwo anabadwa" mmalo mwa "iye anabadwa" ine sindikuonapo vuto, ndi Chichewa chimenecho, bola muchite chimodzimodzi kwa a chipani chomwe simuchikonda. Kusakondera kumavuta kwambiri pamene mtima wathu wonse uli mbali imodzi. Tengani za mkangano wa malire a pa nyanja ya Malawi. Malawi imaimira pa pangano la Britain ndi Germany la 1890 lomwe linaika malire m'gombe la kum'mawa, Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Ine monga Mmalawi ndili ndi maganizo anga, koma patsamba ndiyenera kulemba zomwe mbali iliyonse imanena ndi gwero lake, osalemba kuti "anzathuwa akungofuna kutibera".

Koma ine chomwe chikundisowetsa tulo ndi china. Kuno ku Dedza anyamata ena akufuna kulemba za Gule Wamkulu, ndipo mmodzi akuti aikamo zonse za kudambwe poti Wikipedia sibisa kanthu. A Mbewe pamenepa mukuti bwanji?

A Mbewe: Pamenepa ndiyankhe mosamala. N'zoona kuti Wikipedia sichotsa nkhani chifukwa choti ena yawakhumudwitsa. Koma lamulo lomwe a Yamikani amadandaula nalo lija apa likutiteteza: zomwe mnyamatayo anaona kapena kumva yekha kudambwe si zosindikizidwa, ndiye sizilowa. Zosindikizidwa zokha ndi zambiri kale. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo inauika pamndandanda wake mu 2008 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ku Mua, kwanu komweko, kuli Kungoni Centre yomwe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo kumeneko anasonkhanitsa zambiri za gule ndi matanthauzo ake. Munthu akhoza kulemba tsamba lalitali, lolemekeza eni gule, osatulutsa chinsinsi chomwe anapatsidwa pomulumbiritsa.

Yamikani Joni: Nanga ngati mzungu wina anasindikiza kale zinsinsizo m'buku? Mwa lamulo lanu ndiye kuti zikhoza kulowa.

A Mbewe: Mwa lamulo zikhoza kulowa, ndipo munthu wina akaziika ndi gwero lake simungazichotse pongonena kuti mafumu akwiya. Mukhoza kutsutsa patsamba lokambirana ngati bukulo silodalirika kapena ngati ndimeyo yachuluka kuposa kufunika kwake. Koma palibe lamulo lokakamiza inuyo kuti muziike. Ine sindingaziike.

Yamikani Joni: Ndiye tabwerera pomwe paja, mlendo ali ndi mawu, mwini wake alibe.

Mayi Nabanda: Ndiwauza anyamatawo kuti ayambe afunsa akuluakulu awo, kenaka alembe zochokera ku UNESCO ndi ku Mua. Ine ndikufuna kuyamba kutambasula za zojambula zakale za pamiyala ku Chongoni, zomwe zinalowa pamndandanda wa malo otetezedwa a UNESCO mu 2006. Ndani ali ndi zithunzi?

Chikondi BT: Pa Google zadzaza mayi, ndikutumizirani 10 pompano.

Kondwani: Ayi a Chikondi, za pa Google zili ndi eni ake. Chimodzimodzi zolemba: kukopera ndime ya m'nyuzipepala mawu ndi mawu n'kuba, ngakhale mutatchula gwero, lembani m'mawu anu. Chithunzi chiyenera kukhala chojambula inu mwini, kapena choti mwini wake wachimasula ndi layisensi yaulere, ndipo chimaikidwa pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi zomwe Wikipedia imagwiritsa ntchito. Dziwaninso kuti mukachiika mwalola aliyense kuchigwiritsa ntchito, ngakhale pa malonda, bola atchule dzina lanu, ndipo chilolezocho sichibwezedwa. Mayi Nabanda, yambani mwaona pa Commons pomwepo ngati palibe kale za Chongoni.

Tadala: Mchimwene wanga anajambulako pafoni yake chaka chatha atapita ndi anzake. Ndikhoza kuziika ine?

Kondwani: Aike yekha pa akaunti yake poti wojambula ndi iyeyo. Muuzeni asazitumize kaye pa WhatsApp chifukwa zimachepa ubwino, aike zochokera m'foni mwenimwenimo, ndipo asankhe zomwe nkhope za anzakewo sizikuonekamo.